Mafunso oyezera maganizo a odwala mtima amafunika kuyesedwa kaye

Mayi anga atapezeka ndi matenda othamanga magazi, ndinayamba kuwaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi. Tsiku lina namwino anawafunsa ngati amatopa kawirikawiri, ngati tulo amatipeza, ndiponso ngati chakudya chimawakomera. Iwo anayankha mwaulemu kuti, "Mwanawanga, ndi mtimawu umene ukundivuta." Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti mayi ankanena mtima uti, pakuti m'Chichewa mtima ndi chiwalo chopopa magazi, komanso ndi momwe mumakhala chisoni, nkhawa ndi mkwiyo.

Madokotala ali ndi chifukwa chomveka chofunsira mafunso otere. Kafukufuku wa INTERHEART, amene anachitika m'mayiko 52 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anasonyeza kuti kupanikizika maganizo ndi kukhumudwa zimayendera limodzi ndi chiopsezo cha matenda a mtima. Mu 2008 bungwe la American Heart Association linalangiza kuti odwala mtima azifunsidwa za kukhumudwa pogwiritsa ntchito PHQ-2 ndi PHQ-9, mapepala a mafunso oyezera kukhumudwa amene yankho lililonse limapatsidwa mapointi. Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo, chifukwa kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi anali ndi BP yokwera.

Koma pepala la mafunso lili ngati sikelo yogulira chimanga: likapanda kuyesedwa, limatha kunama ngakhale wolifunsayo ali woona mtima. Vuto lalikulu kwa odwala mtima ndi lakuti zizindikiro zimafanana. Munthu amene mtima wake wafooka amatopa msanga, amasowa tulo ndipo chakudya sichimukomera, ndipo zonsezi zili pakati pa mafunso 9 a PHQ-9. Choncho wodwala akhoza kupeza mapointi ambiri pamene maganizo ake ali bwino, kapena dokotala akhoza kunyalanyaza kukhumudwa kwenikweni poganiza kuti ndi thupi chabe. Ofufuza awiri, Zigmond ndi Snaith, anaona vutoli pamene ankakonza mafunso ena oyezera maganizo otchedwa HADS mu 1983, ndipo mwadala anapewa zizindikiro za thupi pa mafunso awo 14, amene 7 ndi a nkhawa ndipo 7 ndi a kukhumudwa. Ku Netherlands, Johan Denollet wa ku yunivesite ya Tilburg anatulutsa mafunso otchedwa DS14 mu 2005, oyezera anthu amene amakhala ndi maganizo owawa koma nkumawabisa kwa anzawo. Ndimadabwa kuti mafunso amenewo angamuone bwanji mayi wachikulire wakumudzi, amene analeredwa kuti kusaulula zakukhosi kwa mlendo ndi ulemu.

Ntchito yoyesa mafunso ndi yaitali, ndipo ndimaona kuti palibe gawo loyenera kulidumpha. Munthu mmodzi amawamasulira m'Chichewa, wina amene sanaone oyambirirawo amawabwezera m'Chingerezi kuti zioneke ngati tanthauzo lasokonekera, kenako odwala enieni amafunsidwa kuti afotokoze m'mawu awo zimene amva pa funso lililonse. Pambuyo pake odwala omwewo amakambirana mozama ndi katswiri wa matenda a maganizo amene sakudziwa mapointi awo, ndipo ofufuza amawerenga kuti mafunsowo anazindikira odwala angati, anaphonya angati, ndipo ananamizira angati amene analibe vuto. Pamafunikanso kuona ngati mayankho amasintha mafunso akamawerengedwa mokweza, monga zimachitikira kwa odwala ambiri osadziwa kuwerenga, nthawi zina achibale ali chikhalire pomwepo.

Ntchito yotereyi inachitikapo ku Lilongwe. Mu 2019 Michael Udedi ndi anzake anafalitsa zotsatira za kuyesa PHQ-9 ya Chichewa pakati pa odwala matenda a shuga, anthu amenenso ali pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima, ndipo anapeza kuti malire oyenera osonyeza kuti munthu akhoza kukhala wokhumudwa ndi mapointi 9, pamene malire odziwika kwambiri ndi 10. Kusiyana kwa pointi imodzi kumaoneka kochepa, koma pamzere wautali wa pakiliniki kumatanthauza anthu angapo amene akanabwerera kwawo osathandizidwa.

Mayi anga anadzafunsidwanso ndi wachipatala wina amene anafatsa nawo, nawapempha kuti aloze pomwe mtima ukuwavuta. Sanaloze pachifuwa ayi, koma anayamba kunena za bambo anga amene anali atatisiya miyezi isanu m'mbuyomo, ndiponso za kuganiza kwambiri kumene kunkawadzutsa tambala asanalire.