Sampulo iyende ndi nambala, dzina la mlimi litsale

M'zipatala za zomera za Plantwise, zomwe bungwe la zaulimi la pa dziko lonse la CABI lidathandiza kukhazikitsa kuno ku Malawi, uthenga umadutsa m'manja ambiri. Dokotala wa zomera amalemba pa tabuleti zomwe waona, sampulo yovuta imatumizidwa ku labu ya malo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, ndipo zolembazo zimakasungidwa mu POMS, nkhokwe ya pa intaneti ya Plantwise. Ambiri amaopa akuba a pa intaneti, koma kawirikawiri chinsinsi chimaulukira pa tabuleti yosakhoma ndi pa gulu la WhatsApp.

Sampulo iliyonse ikhale ndi nambala yokhala ndi chidule cha boma, nambala ya tabuleti, tsiku ndi nambala yotsatizana, monga TO-07-250314-012. Nambala ya tabuleti musaisiye. Alangizi awiri ogwira ntchito kopanda netiweki angathe kupereka nambala yofanana, ndipo potumiza, zotsatira za matenda a chisaka cha nthochi za ku Thyolo zimakagwera pa munda wa munthu wina. Dzina la mlimi ndi foni yake zikhale mu fayilo ina yokhoma. Wa ku labu safunika kuzidziwa, komanso lamulo la Data Protection Act la 2024 limateteza zoterezi.

GPS nayo imaulula zambiri. Manambala asanu pambuyo pa kadontho amaloza malo a pafupifupi mita imodzi, ndiye kuti pakhomo pa mlimi penipeni. Awiri okha amaloza dera la pafupifupi kilomita imodzi, zomwe n'zokwanira pa mapu ogawira anthu ena. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp ngati dokumenti chimapita ndi GPS yake mkati, choncho ichotseni kaye.

Chofunika kusamala koposa ndi zotsatira zosatsimikizika. Matenda a maize lethal necrosis, omwe adaoneka ku Kenya mu 2011, amafanana maonekedwe ndi matenda ena a chimanga, ndipo amatsimikizika ndi njira zoyesera za ku labu monga ELISA kapena PCR. Munthu akangolemba dzina limeneli pa gulu, mphekesera yokhayo ingaimitse malonda a mbewu pa malire. Pansi pa pangano la mayiko loteteza zomera la IPPC, wolengeza matenda kapena chilombo chatsopano ndi ofesi ya boma yoteteza zomera, osati wa ku labu, ngakhale atakhala katswiri chotani. Ndiye zotsatira ziikidwe m'magawo atatu: zokayikitsa, zoyesedwa, zotsimikizika. Magawo awiri oyambawo aziwaona wotumiza, labu ndi ofesi imeneyi okha.

Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, ndipo itsekedwe tsiku lomwe wasamutsidwa. Pasiwedi ya ofesi yonse imachititsa kuti wosintha zotsatira asadziwike. Cholakwika chisafufutidwe, chikonzedwe, ndipo kompyuta isunge dzina la wokonza ndi nthawi yake. Tabuleti ikhale ndi PIN ya manambala 6, ndipo zolembedwa zizitumizidwa netiweki ikangopezeka.

Makope a zolembedwa zonsezi akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ikhale ku ofesi ina. Miyezi itatu iliyonse tsegulani kope imodzi n'kufananiza chiwerengero cha masampulo ndi cha m'kaundula wa ku labu.