Lachitatu: kukoka hayidirojeni m'chitsulo

Lero ndathera tsiku lonse pa kachipangizo ka mabotolo awiri agalasi kamene asayansi awiri, Devanathan ndi Stachurski, anakonza mu 1962. Kamayesa mmene hayidirojeni amadutsira m'chitsulo, poti akatsalira m'katimo amachititsa chitsulo kuthyoka mosachenjeza. Pakati pa mabotolowo timapanikiza kachitsulo kopyapyala ngati lumo. Mbali imodzi tathiramo madzi a asidi n'kulumikiza magetsi kuti hayidirojeni alowe m'chitsulo. Mbali inayo muli madzi a sodium hydroxide (mankhwala osemphana ndi asidi), ndipo magetsi ake ndi osemphana ndi oyamba aja: hayidirojeni akangotulukira kumeneko amalandidwa elekitironi yake (kanthu kakang'ono konyamula magetsi) n'kusiyana nacho chitsulo. Mita imawerenga kamphamvu kamagetsi kamene kamabadwa pamenepo, ndipo kompyuta imakajambula ngati mzere: hayidirojeni wotuluka akachuluka, mzerewo umakwera.

M'mawa mzere wa pa kompyuta unali chigonere. Kenaka unayamba kukwera, kukwera, mpaka unaima. Titazimitsa mbali ya asidi unayamba kutsika pang'onopang'ono, kusonyeza kuti chitsulo chikulavula zomwe chinameza. Mtima wanga unakhala m'malo kuona ndi maso chinthu chimene sichioneka.

Masana mnyamata wophunzira ntchito anabwera ndi thireyi ya mabawuti a 12.9 (nambala ya gulu la mabawuti olimba kwambiri) ongokutidwa kumene zinki, oyenera kulowa mu uvuni kuti hayidirojeni atulukemo. "Achimwene, nanga bwanji awa osangokokamo hayidirojeni ndi magetsi? Uvuni imadya nthawi."

Funso lanzeru, ndipo ndinakhala naye pansi. Magetsi amangosesa hayidirojeni amene wafika pamwamba; wa m'kati ayenera kuyenda yekha, ndipo chitsulo chikanenepa ulendowo umatalika kwambiri. Wina amakodwa m'malire a timbewu ta chitsulo (tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga chitsulocho), osasuntha chikapanda kutenthedwa. Zinki nayenso amatseka njira yotulukira. Ndiye ukawonjeza magetsi mopyola muyeso, chimene chimayamba kudyeka ndi chikuto chomwecho.

Ndinamuuza za mlatho watsopano wa pakati pa mizinda ya San Francisco ndi Oakland ku America. Mu Malichi 2013, pa ndodo zachitsulo 96 zomangirira, 32 zinaduka patangopita masiku ochepa atazimanga zolimba. Hayidirojeni ndi woipa motero: chitsulo sichipindika kaye kuti chikuchenjeze, chimangoti thyo, munthu atapita kale kwawo. Katswiri wina, W. H. Johnson, analemba za vutoli kale mu 1875, koma likupwetekabe anthu.

Mabawutiwo tinawalowetsa mu uvuni pa madigiri 200 a Celsius maola 4 asanakwane chiwakutireni, ndipo agona momwemo. Mawa mnyamatayo ndi amene alumikize mawaya pa kachipangizo kaja, tiyese kachitsulo kokutidwa zinki, aone yekha mmene mzere uchedwere kutsika.