Sabata ya 31 ya Chiheberi: Liwu Limodzi la Amosi Landitchinga Njira

Ndinkafuna kumaliza mutu 7 wa Amosi Lachitatu. Lero ndi Lamlungu, ndikadali pa ndime 7 ndi 8. Chandigwira mwendo ndi kaliwu ka Chiheberi ka zilembo zitatu m'kalembedwe kawo, anak.

Tonse tinakula tikumva ulaliki wake: Ambuye ayima pakhoma atagwira chingwe cholendewera chimene amisiri omanga amaonera ngati khoma lapendekeka, ndipo Israele apezeka wokhota. Inenso ndinalemba msanga m'kope mwanga kuti "chingwe", n'kumati ndithamangire kutsogolo. Koma nditafuna kuona malo ena amene liwuli likupezeka, ndinapeza kuti palibe. M'Baibulo lonse la Chiheberi lilimo kanayi kokha, kanayi konseko m'ndime ziwiri zomwezi.

Chinandikayikitsa n'chakuti Aheberi anali nawo kale mawu a chida cha amisiricho. Pa 2 Mafumu 21:13 ndi Yesaya 28:17 pali qav, chingwe choyezera, ndi mishqolet, cholemera chomangirira kuchingwe. Amosi sanagwiritse lililonse mwa awiriwa.

Ndiye Lachinayi ndinatsata omasulira akale. Ayuda amene anamasulira Septuagint, Baibulo lakale la Chigiriki, analemba adamas, chitsulo cholimba kwambiri. Jerome m'Chilatini anaika chida chopakira pulasitala. Nkhani ya mtovu wolendewera pachingwe inakhazikika ndi aphunzitsi achiyuda a zaka zapakati, ndipo Baibulo la King James la 1611 linaitengera komweko. Anthu odziwa ntchito yawo onsewa, koma aliyense njira yakeyake. Pamenepo ndinasiya kudziimba mlandu kuti mutu wanga ndi wouma.

Chandisangalatsa koposa chachokera ku Mesopotamia. M'Chiakadi, chilankhulo cha Asuri ndi Ababulo, muli liwu loti annaku, ndipo mu 1965 Benno Landsberger anaonetsa kuti limatanthauza chitsulo chotchedwa tini, osati mtovu. Zikatero chingwe chija chaduka, chifukwa chinkadalira mtovuwo. Chotsala ndi Ambuye ataima pakhoma la tini, tini ali m'manja. Ena amati tini ndi wofewa, choncho khoma lotere silingateteze munthu. Yerekezani ndi makoma amkuwa amene Mulungu analonjeza Yeremiya pa 1:18. Ena amakumbutsa kuti tini ndiye ankasakanizidwa ndi kopa popanga mkuwa wolimba wa zida zankhondo, ndipo ndime 9 ikuthadi ndi lupanga lodzukira nyumba ya mfumu Yerobiamu. Vuto lilipobe: Chiheberi chili ndi liwu lakelake la tini, bedil, lomwe lili pa Numeri 31:22. Nanga Amosi, mbusa wa ku Tekowa, anabwerekeranji la eni?

Yankho limene landikhutiritsa ndalipeza posuzumira mutu 8. Kumeneko Mulungu afunsa funso lomwelo, "Amosi, ukuona chiyani?" Iye ayankha kuti dengu la qayits, zipatso zam'chilimwe, ndipo Mulungu akuti qets, mapeto, afika. Tanthauzo lagona m'kamvekedwe. Ngati masomphenya a denguwa, omwe ndi achinayi, akuyenda motero, achitatu a anak, amene ndi mapasa ake, bwanji asatero? Anak amamveka pafupi ndi anaqah ndi anachah, mawu onena kubuula. Ndinawatchula mokweza kangapo pakhonde mpaka mayi a kunyumba anatuluka kudzafunsa ngati mutu ukundiwawa.

Panopa ndatsamira ku tini ndi masewera a mawuwo. M'kope ndafufuta "chingwe" ndi pensulo yokha, osati bolopeni, poti ulaliki uja ndimaukondabe. Ndaonanso china chimene ndinkangochidumpha: pa masomphenya awiri oyamba, a dzombe ndi a moto, Amosi akuchonderera kuti Yakobo ndi wamng'ono, Mulungu n'kuleka. Pa anak Amosi sakupemphanso kanthu. Angotchula dzina la chimene waona, Mulungu n'kunena kuti sadzawalekereranso.

Zina za sabata ino n'zochepa. Mawu atsopano ndaloweza 14 m'malo mwa 30, ndipo maverebu a hiphil, osonyeza kuchititsa, akundizunguzabe. Mawa ndiyamba ndime 10, pamene Amaziya wansembe wa ku Beteli akukanenera Amosi kwa mfumu.