Timabowo ta mu Weber tomwe tandisowetsa tulo milungu itatu

Lachinayi lapitali, cha m'ma 4 koloko madzulo, galimoto ya Duetto ija inalira bwino koyamba chiyambire kuigwira. Ndinaponda moto pang'onopang'ono, injini n'kukwera myaa, osatsokomola, osatsamwa. Ndinazimitsa n'kukhala pa tayala lakale pakona pa galaja, manja akunjenjemera. Milungu itatu ndinali ndikulota kabuleta ya Weber, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya wolowa mu injini.

Kwa anzanga ophunzira umakaniko amene simunaionepo: ndi Alfa Romeo Spider 1600 ya 1967, ya mipando iwiri, denga lansalu lopinda, kumbuyo kwake kozungulira ngati bwato. Mtunduwu unaonetsedwa koyamba ku Geneva mu 1966, thupi lake linajambulidwa ndi kampani ya Pininfarina, ndipo anapangako pafupifupi 6,300 yokha asanasinthe n'kutulutsa ya injini yokulirapo yotchedwa 1750. N'chifukwa chake osonkhanitsa galimoto zakale amailimbirana. Yathuyi mwini wake waikonzetsa kuchokera pa chitsulo chenicheni: dzimbiri lonse linadulidwa, penti yofiira yatsopano, mipando yosokedwanso, giya zonse zisanu zikulowa bwinobwino. Tsopano ili pa malonda kuno ku Johannesburg. Chomwe chinatsala ndi injini kuti izilira mogwirizana ndi maonekedwe ake, ndipo ntchitoyo inagwera ine.

Za taimingi, mapulagi, mulingo wa petulo mu kabuleta ndi mpata wa mavalavu sinditaya nazo nthawi, mukuzidziwa kale, ndipo zonsezo ndinaziona zili bwino. Vuto linali limodzi. Galimoto ikaima, injini imalira ndithu, ngakhale mokwera pang'ono. Ukaiponda kwambiri pamsewu, imathamanga mosangalatsa. Koma pakati pamenepa, pongochotsa phazi pa kilatchi n'kuyamba kuponda moto, imachita ngati munthu wamezera nsima pakhosi pouma. Imazengereza, nthawi zina kuphulika "phwa!" cha ku kabuleta, kenako n'kudzidzimuka.

Injini imeneyi ya 1,570 cc ili ndi ma Weber 40 DCOE awiri, aliyense wa makosi awiri olowera mpweya, ndiye kuti silinda iliyonse ili ndi khosi lakelake. Ine ndinakulira pa maminibasi ndi mapikapu a ku Limbe, kumene kabuleta imakhala imodzi, ukapotoza sikuluu imodzi nkhani yatha. Choncho ndinkangolimbana ndi masikuluu anayi osakaniza petulo ndi mpweya. Kumasula, kumanga, kumasulanso. Awiri mwa anayiwo ankangozungulira osasintha kalikonse, ngati sanalumikizidwe ku chinthu.

Chinandisokoneza ndi dzina. Kajeti kenakake, kachitsulo koboola kodutsamo petulo, amakatcha idle jet, ndiye mutu wanga unkati ntchito yake ndi ya pamene galimoto yangoima basi, ukangoponda moto jeti yaikulu, main jet, imalanda ntchito. Si choncho ayi. Main jet imayamba kugwira ntchito mochedwa, injini ikamazungulira cha m'ma 2,500 mpaka 3,000 pa mphindi. Pansi pa pamenepo, kuyenda konse kwa m'tauni, kochoka pa roboti, kokhota pa mphambano, petulo akuchokera ku kajeti kakang'ono komweko. Nanga amadutsa pati, poti kabowo ka sikuluu ija n'kamodzi kokha?

Madala ena akwathu, amene amagwira ntchito yowotcherera pa galaja yoyandikana nafe, ndi amene ananditsegula maso. Sanalankhule zambiri. Anatenga Weber yakutha pa shelefu, n'kundiuza kuti ndiyang'ane m'khosi kuchokera mbali ya ku injini, dzuwa lili kutsogolo. Pafupi penipeni ndi m'mphepete mwa kachitseko kamene kamatseka khosi, pali timabowo tating'ono tondondozana, ngati toboola ndi singano. Anayamba kutsegula kachitsekoko pang'onopang'ono ndi chala. Ndinaona m'mphepete mwake mukudutsa kabowo koyamba, kenako kachiwiri.

Apa m'pamene zonse zinalowa. Kachitseko kakatsekeka, timaboworo tili kunja, mbali ya mpweya, sititulutsa petulo. Kakangoyamba kutseguka, kabowo koyamba kamapezeka mbali imene injini ikukoka, n'kuyamba kutulutsa petulo, kenako kachiwiri, motsatizana, mpaka main jet itadzuka. Ndi makwerero. Ndipo petulo wa m'timaboworo sadutsa pa sikuluu yomwe ndinkalimbana nayo ija. Ndiye taganizani: ngati wina wakweza kulira kwa injini potsegula zitsekozo mopitirira, makwerero oyamba wawaponda kale galimoto ili chiimire. Masikuluu amasiya kumveka chifukwa petulo akulowera njira ina, ndipo ukaponda moto palibenso chotsala choti chikulandire. Kutsamwa kuja n'kumeneko.

Wina amene anatsegula zitseko mopitirira anali ine ndemwe, tsiku loyamba, chifukwa injini imazima. Ndipo imazima chifukwa malabala awiri mwa anayi amene ma Weber amakhalapo anali ndi ming'alu pansi, poti maso safikapo, n'kumaba mpweya. Pa Alfa izi n'zodziwika, malabalawo amauma ndi zaka. Titaika atsopano, ndinabweza zitseko kumbuyo kwa kabowo koyamba, ndipo masikuluu onse anayi anayamba kumveka. Ukapotoza pang'ono chabe, injini imayankha.

Pofananitsa ma kabuleta awiriwo ndinagwiritsa njira ya madala aja: kapaipi kalabala, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa khosi lililonse, kumvetsera mluzu wa mpweya. Makosi akamakoka mofanana, mluzu umafanana. Ndikunena mosabisa, kwa ine njira imeneyi ikuposa geji yoyezera mpweya. Geji imakupatsa nambala, koma khutu limakuuza zambiri: khosi limene likuba mpweya limalira mowuma, limene silinda yake ili yofooka limalira modukizadukiza. Anzanga m'galaja akuti khutu limanama, makamaka ukatopa, ndipo kapaipi ukakaika mosiyana pang'ono mawu amasintha. Mwina. Koma nditamaliza ndi khutu tinaikapo geji, ndipo inangovomereza zomwe ndinamva. Ndikanakonda wophunzira aliyense ayambe ndi kapaipi, geji aipatsidwe pambuyo.

Chikundiwawa n'chakuti zonsezi abwana akanatha kundiuza m'mphindi zisanu. Amazidziwa, agwira ma Alfa zaka zambiri, ndipo dziko lino linali ndi fakitale yake ya Alfa ku Brits mpaka 1985, ndiye amisiri akale a kuno anakulira pa injini zimenezi. Koma ukawafunsa amangoti pitiriza, uzipeza. Kenako m'mawa mwake akufunsa chifukwa chake sinathe, poti wogula akubwera kumapeto kwa mwezi. Sindikana kuti chinthu chodzipezera wekha sichiiwalika. Koma kuphunzira ndi kuthamangitsidwa sizikhalira limodzi. Kusukulu ya umakaniko nakonso kabuleta tinaidutsa m'masiku awiri, ati ndi zakale, dziko lili pa makompyuta. Buku lomwe lili m'galaja muno masamba a chithunzi cha timaboworo anathothoka kalekale. Ndimaweruka mdima utagwa, kukwera matakisi awiri, kufika kunyumba mutu sukugwiranso.

Panali tsiku lina ndinapempha kuti tingogula ma Weber atsopano, poti amapangidwabe ku Spain. Mwini galimoto anakana, ndipo tsopano ndikumvetsa. Wosonkhanitsa akabwera amatsegula boneti asanayang'ane n'komwe penti. Amafuna aone dzina la Bologna, mzinda wa ku Italy kumene ma Weber ankapangidwa, pa chivindikiro cha kabuleta, amawerenga manambala, amafananitsa nambala ya chasisi ndi kalata yochokera kosungira mbiri ya Alfa ku Arese yonena tsiku limene galimoto inapangidwa ndi mtundu wa penti yake yoyamba. Chimene akulipira ndi chakuti zinthu zomwe zinachoka ku Italy mu 1967 zikugwirabe ntchito. Kudziwa zimenezi kunandipatsa mantha pogwira tizitsulo tamkuwa timeneti, komanso ulemu.

Komabe mtima sunakhazikike kwenikweni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo ine ndaitchuna kuti izilira bwino kuno. Wogula akaitengera ku Durban kapena Cape Town, m'mphepete mwa nyanja, mpweya udzachuluka pomwe petulo ali yemweyo. Kodi kutsamwa kuja kudzabweranso? Ndisiye petulo wochulukirapo pang'ono kuti ikakhale bwino kumeneko, ngakhale kuno mapulagi azida? Kapena ndiike majeti ena m'kathumba, ndilembe kakalata? Madala aja akuti ndisiye momwe ilili, wogula ali ndi makaniko wake. Abwana sindinawafunse. Ndipo pali kena kamene ndikukamva m'mawa injini ikazizira, silinda yachitatu ngati ikuchedwa kudzuka, kamene sindikudziwa ngati kalipodi kapena ndi khutu langa lomwe lamvetsera nthawi yaitali. Lolemba ndikailizanso isanatenthe, ndimve.