Thirakitala yokana kunyamula pulawo

Thirakitala ikangoleka kunyamula pulawo, mwini wake amakhala ataweruza kale mlandu: pampu ya haidiroliki, ija yokankha oyilo wokweza pulawo, yafa. Sabata yathayi ndinaitanidwa pa famu ina, ndipo mawu amenewa ndinawamva ndisanatsitse n'komwe bokosi la masipanala. Inali Massey Ferguson 135, ija ya injini ya Perkins ya masilinda atatu. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1964, moti ambiri mwa mathirakitalawa amaposa zaka anthu amene akuwayendetsa lero.

"Bambo, ingondiuzani nambala ya pampuyo ndikagule, nthawi yolima ikutha," anatero eni famuwo.

Ndinawapempha kuti ndalamazo asunge kaye, andiitanire dalaivala.

Lolemba lonse linathera pa kufunsa ndi kuyang'ana. Dalaivala ndiye amadziwa matenda a thirakitala, kungoti safunsidwa. Iye anati m'mawa imanyamula ndithu koma mwaulesi, dzuwa likakwera imafookeratu. Pulawo ikakhala m'mwamba imanjenjemera, kutsika pang'ono n'kudzukanso, kutsika n'kudzukanso. Akazimitsa injini, pasanapite nthawi pulawo ili pansi. Mfundo yomalizayi ndi imene ndinaigwira. Pampu yotopa imachedwa kukweza, inde, koma oyilo amene wakwera kale akamabwerera yekha ndiye kuti pali pamene akuthawira. Kunjenjemera kuja ndi thirakitala ikuyesa kubwezeretsa oyilo wothawayo. Ndipo oyilo akatentha amapyapyala, n'chifukwa chake vuto limakula masana.

Ndisanamasule bawuti iliyonse ndinayamba ndi zazing'ono. Pambali pa mpando pali mahandulo awiri, ina yokweza ndi kutsitsa mikono yonyamula pulawo, ina ya draft yoyang'anira kuzama kwa pulawo m'nthaka. Ya draft ikasiyidwa pansi, ina ija imaoneka ngati yafa, ndipo makaniko ambiri aitanidwapo ulendo wautali chifukwa cha zimenezi zokha. Pano inali m'malo mwake. Kenaka kilachi. Ya thirakitala imeneyi imapondedwa pawiri: mukaponda theka mawilo amaima, mukapondereza mpaka pansi PTO, shafiti ya kumbuyo yozungulitsa zipangizo zina, imaima pamodzi ndi pampu. Gawo lachiwirilo likamaterereka, pampu siizungulira mokwanira katundu akalemera. Nayonso inali bwino.

Ndodo yoyezera oyilo ndi imene inaulula. Oyilo anali woyera ngati mkaka, kutanthauza kuti wasakanikirana ndi madzi. Pa thirakitala iyi giyabokosi, difu ndi haidiroliki zimagawana oyilo mmodzi, pafupifupi malita 30, ndipo pampu imakhala yomira momwemo pansi penipeni. Madzi olowera pamwamba paliponse amakathera pa pampu. Polowera pake sipanavute kupeza: timphira tophimba pansi pa ndodo za magiya tinali titang'ambika kalekale, ndipo thirakitalayo imagona panja.

Lachiwiri tinakhetsa oyilo yense. Titatsegula, poyamba panatuluka madzi enieni, kenaka oyilo, pomaliza matope akuda oti kuchita kukolopa ndi dzanja. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito amafuna angokataya, koma ndinamuuza kuti asefe pa nsalu. Zotsalira pa nsalu zimanena zambiri. Mu pampu imeneyi muli mapisitoni anayi okankhidwa ndi zitsulo zokhala ndi mkuwa, ndiye ikamadyeka mumapeza tinyenyeswa tonyezimira tachikasu. Tinapezamo tochepa kwambiri, tosadetsa nkhawa pa makina a msinkhu umenewu. Sefa ya pakamwa pa pampu ndi imene inali yotsekeka, yomatika matope mbali zonse. Tinaitsuka ndi parafini, tinatsukanso m'kati monse.

Eni famu ataona sefayo anasangalala, ati basi vuto lapezeka. Ndinawauza kuti lapezeka limodzi. Sefa yotsekeka imachedwetsa kukweza, koma siingatsitse pulawo injini itazima.

Lachitatu ndi tsiku limene ndimalikonda pa ntchito ngati iyi. Kumbali kwa giyabokosi kuli chivundikiro chozungulira, ndipo oyilo amafika pa bowo la bawuti ya m'munsi mwake basi, choncho mukhoza kuchichotsa, kuliza injini n'kumaonerera zochitika m'kati. Tinathira oyilo watsopano, tinamanga pulawo kuti mikono ikhale ndi katundu, ine n'kugwada ndi tochi. Dalaivala anakweza handulo. Pamalo atatu ndi pamene maso amayenera kukhala. Pansi, pa pampu, pali valavu yotetezera imene imatsegula mphamvu ikapyola muyeso. Ikamadontha, oyilo wozungulira pamenepo amawinduka. Pamenepo panali phee. Chapakati pali paipi yoimirira yotenga oyilo kuchoka pa pampu kupita ku chivundikiro cha pamwamba. Apo ndinaona oyilo akutsetsereka m'mbali mwa paipiyo kuchokera kumtunda, chizindikiro chakuti O-ring ya pamwamba, kamphira kozungulira kotseka polumikizira, yatha. Ndiye kumwamba kwenikweni, pakamwa pa silinda yokweza mikono, oyilo sanali kudontha ayi, anali kuyenda chingwe chosaduka. Madontho ochepa pamenepo ndi chikhalidwe chake, popeza malingi a pisitoni yake, otchinga oyilo, ndi achitsulo. Koma chingwe chotere ndiye kuti malingi apita.

Mnyamata uja anatambasula dzanja kuti akhudze paipiyo.

"Iwe, chotsa dzanja! Ukufuna usiye zala m'menemo?"

"Ndimafuna ndimve pamene pakutuluka, abwana."

M'katimo muli shafiti yozungulira, komanso oyilo wothawa pa kabowo kakang'ono ali ndi mphamvu yoboola khungu. Bala lake limaoneka laling'ono koma ndi lothamangira nalo kuchipatala nthawi yomweyo. Podontha pamafufuzidwa ndi maso kapena kachidutswa ka katoni.

Anthu ena amayamba ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, ndipo sindikuwatsutsa. Koma geji yomangidwa pa makina odontha chonchi imawerenga mphamvu yochepa, munthu n'kunamizira pampu. Pampu zambiri zabwinobwino zatayidwa motero, yatsopano n'kuikidwa, pulawo n'kumatsikabe.

Lachinayi tinachotsa chivundikiro cha pamwamba, chija chimanyamula mikono ndi silinda. Choyamba pulawo pansi, mpando kuchotsa, paipi yoimirira kuisolola, ndiponso kulekanitsa kachitsulo kolumikiza mahandulo ndi valavu ina ya pa pampu, yolowetsa oyilo. Mukaiwala kameneka n'kukoka mwamphamvu, mumapinda zinthu zimene zinalibe vuto. Chivundikirocho n'cholemera zedi, si cha munthu mmodzi. Tinachikweza ndi tcheni. Pisitoni itatuluka, lingi imodzi inagwa zidutswa ziwiri. M'kati mwa silinda munali mizere, ndipo nditayendetsa chikhadabo chinkakodwa. Mizere yongooneka ndi maso imapalidwa n'kutha, koma yokola chikhadabo imadya malingi atsopano. Ndinalemba silinda, pisitoni ndi malingi ake, ma O-ring, magasiketi ndi timphira ta magiya tija. Eni famu anayang'ana pepalalo kwa nthawi, akufunafuna mawu oti pampu.

Zipangizo zinafika Lachisanu chakumasana. Kumanga kulibe nkhani yambiri, kungofuna ukhondo ndi kudekha. Mipata ya malingi isayang'anizane. O-ring iliyonse ipakidwe oyilo isanalowe, apo ayi imadulidwa ndi m'mphepete mwa chitsulo inu osadziwa. Silikoni ndimadana naye pa ntchito imeneyi, chifukwa wotsalira amagwera m'kati n'kukatseka sefa yomwe mwangotsukayo.

Chivundikiro chili pansi ndinaonanso sipulingi yaikulu ija imene imakankhidwa ndi top link, chitsulo cha pamwamba cholumikiza pulawo ndi thirakitala. Apa ndi pamene pagona nzeru za Harry Ferguson, amene anatulukira kanyamulidwe kameneka ka pulawo. Pulawo ikakumana ndi nthaka yolimba imakankha top link, sipulingi imafinyika, timikono ta m'kati timasuntha valavu, pulawo imakwera pang'ono ndipo kulemera kwake kumapita pa mawilo akumbuyo. Valavuyo ili kolowera oyilo mu pampu, osati kotulukira: pampu imazungulira nthawi zonse, koma imapatsidwa oyilo pokhapokha akafunika. Sipulingi ikakhala ndi mpata wogwedera, uthenga umafika mochedwa ndipo mizere imatuluka pena pozama pena posazama. Iyi inali kugwedera, ndinaimanga mpaka mpata unatha. Titatseka zonse ndinamanga geji, singano inadutsa 2,000 psi mosakayika n'kuima osagwedezeka. Pampu ija inali yamoyo.

Loweruka tinapita nayo kumunda, chifukwa thirakitala yozizira imanamiza. Tinalima mpaka giyabokosi inatentha, kenaka tinakweza pulawo n'kuzimitsa injini. Inakhala m'mwamba. Koma pobwerera, dalaivala atakweza pulawo, ndinamva kulira kopyapyala pansi pa mpando, injini nayo ikulemedwa. Ndinamuimitsa. Handulo anali ataikankhira kumapeto kwenikweni, kudutsa malo onyamulira katundu, kufika pamene pampu imapopa osaleka. Malo amenewo ndi a ngolo yotsitsa yokha katundu kapena silinda yakunja. Mukawagwiritsa ntchito ponyamula pulawo, oyilo amasowa kopita, valavu yotetezera imangolira njira yonse, oyilo n'kumatentha ndi kupsereza ma O-ring.

"Achimwene, mumayenda chonchi masiku onse?"

"Eya, kuti isatsike. Nanga si inkatsika."

Ndinamasula kanati koimitsira handulo, ndinakasunthira pamalo onyamulira katundu n'kukamanga zolimba. Ndinamuonetsanso kuti akamaimika thirakitala azitsitsa pulawo pansi. Eni famu ndinawasiyira ntchito ziwiri: apeze denga loti izigonamo, ndiponso akamaliza kulima adzandiitane tidzatsukenso sefa, popeza matope a zaka zambiri satuluka onse ulendo umodzi.