Mphindi 20 za madzi zimene mwana uja sanazipeze

Sabata yathayi ndinali pa shifiti ya usiku m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo masiku oyambirira anadutsa ndi zimene anzanga pa ntchito ino ya unamwino mumazidziwa kale. Tinasoka mabala, tinaika chikhakha mnyamata wothyoka mkono, ndipo tinalandira mtsikana wa khunyu amene achibale anamulowetsa supuni m'kamwa pamene ankaphiriphitha mpaka dzino linathyoka. Ndinawafotokozera kuti munthu wogwa khunyu sangameze lilime lake, kuti chofunika ndi kumuchotsera zinthu zomwe zingamuvulaze, kumugoneka cham'mbali akasiya kuphiriphitha, ndi kuthamangira naye kuchipatala ngati kugwako kwapitirira mphindi 5. Bambo wina wolumidwa ndi galu anafika atatsuka kale balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, monga timalangizira popewa chiwewe, ndipo iye yekhayo ndi amene anandisangalatsa mtima sabata yonseyo.

Chimene chandichititsa kulemba ndi usiku wa Lachinayi. Mayi wina analowa atanyamula mwana wa zaka zitatu amene anatayikiridwa madzi owira pachifuwa, pamimba ndi pantchafu. Nditavundukula nsalu imene anamukulungamo, ndinapeza thupi lonse lopsalo litapakidwa mankhwala otsukira mano osakaniza ndi mafuta, ndipo zonsezo zinali zitauma n'kumamatira pamatuza amene anali ataphulika. Mwanayo sankaliranso mokweza. Ankangobuula, milomo itauma, manja ndi mapazi zikuzizira.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, mwanayu wapsa nthawi yanji, ndipo munamuthira madzi?" Iwo anayankha akunjenjemera kuti, "Anesi, wapsa madzulo. Anthu anandiuza kuti ndikamuthira madzi chilonda chikula, ndiye ndinaopa." Panali patadutsa maola asanu.

Mayi amenewo sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa anachita zimene anauzidwa ndi anthu amene amawakhulupirira, ndipo anachita pofuna kupulumutsa mwana wawo. Koma mtima unandipweteka podziwa kuti chithandizo chimene chikanachepetsa kuya kwa chilondacho chinali pafupi nawo nthawi yonseyo. Malo opsa akathiridwa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, kutentha kotsalira m'khungu kumachoka m'malo mopitiriza kuwononga mnofu wa mkati, ululu umachepa, ndipo chilonda chimene chikanafuna opaleshoni nthawi zina chimapola chokha. Madziwo amathandizabe ngakhale atathiridwa mochedwa, bola maola atatu asanathe. Madzi oundana ndiwo sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amawonongeratu khungu, ndipo mwana wamng'ono amafunika kumufunditsa mbali zina za thupi kuti asazizidwe. Zikatero munthu amangochotsa zovala zimene sizinamamatire, kuphimba chilondacho ndi nsalu yoyera osapakapo chilichonse, osaboola matuza, n'kuyamba ulendo wa kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ndi opeza pang'ono, ndipo ine ndikaona chiwerengero chimenecho ndimaganizira za maola oyambirira aja, amene ife a chipatala sitikhalapo.

Tsono nafenso mwanayo atafika m'manja mwathu tinamuchedwetsa. Poyeza ndi chikhatho chake tinapeza kuti wapsa pafupifupi 20 peresenti ya thupi, ndipo ankalemera makilogalamu 12. Powerengera ndi njira ya Parkland, imene timadziwira madzi ofunika kupatsa munthu wopsa, anafunika mamililita 960 a madzi a m'diripi otchedwa Ringer's lactate pa maola 24, kuwonjezera pa madzi amene mwana amafunika tsiku ndi tsiku, ndipo theka lake linayenera kulowa m'maola 8 oyamba kuchokera nthawi imene anapsa. Tinali titatsala ndi maola atatu okha. Nditatsegula kabati ndinapeza makanyula (timapaipi tolowetsa mu mtsempha poika diripi) a akuluakulu okhaokha. Ang'onoang'ono a ana anali atatha kalekale, ngakhale kuti tinalemba pempho ku nkhokwe ya mankhwala ndipo linasainidwa ndi onse oyenera kusaina. Mitsempha ya mwana wotaya madzi motero imabisala, ndipo kufunafuna mtsempha ndi kanyula wamkulu pa kadzanja kozizira ndi kumuzunza mwana amene ali kale mu ululu woopsa. Singano yolowetsera madzi a diripi kudzera m'fupa imene ikanatipulumutsa nayonso panalibe. Mnzanga anathamanga kukapempha ku wodi ya ana, ndipo anabwerako ndi kanyula mmodzi amene anamwino a kumeneko ankasungira odwala awo. Mwamwayi analowa, diripi inayamba kuyenda.

Mankhwala amphamvu oletsa ululu analipo, koma anali okhomedwa, ndipo kiyi anali ndi munthu amene anali kunyumba. Tinadikira kuti abwere tisanayambe kutsuka chilondacho, pakuti palibe namwino wa chifundo amene angapale mankhwala ouma pa khungu losupuka la mwana wosapatsidwa mankhwala amenewa, otchedwa morphine. Ntchito yochotsa zopakidwazo inatitengera nthawi yaitali kuposa kumanga chilonda chenichenicho, ndipo mabandeji amene tinali nawo tinachita kuwadula mosamala kuti akwanire. Pofika m'bandakucha mkodzo unayamba kutuluka pa mlingo woyenera, kusonyeza kuti madzi akukwanira m'thupi mwake, ndipo apo m'pamene ndinapumako. Ambulansi yomutengera ku chipatala chachikulu inabwera dzuwa litatuluka kale.

Chimene chikundikwiyitsa kwambiri ndi ichi. Kale tinkakhala ndi kanthawi m'mawa uliwonse koyankhula ndi anthu odikira pamzere, n'kumawaphunzitsa za chithandizo choyamba: kukanikiza bala lotuluka magazi ndi nsalu yoyera, kuweramitsa munthu wa kamfuno n'kumutsina mphuno, kusamanga chingwe kapena kucheka pamene njoka yaluma, ndi kuthira madzi pamene munthu wapsa. Maphunziro amenewo sankafuna ndalama, koma akuluakulu anawathetsa ponena kuti amachedwetsa mzere ndipo anamwino ndi ochepa. Zoonadi ndife ochepa, ndipo kutopa kwake ndikukumva m'thupi mwanga pamene ndikulemba izi. Komabe mwana mmodzi wopsa wosathiridwa madzi anatenga anamwino awiri usiku wonse, ndipo adzatenga bedi, mabandeji ndi madokotala kwa masabata ambiri. Amene anawerengera nthawi ya mzere sanawerengere zimenezi.

Lachisanu ndi Loweruka kunalibe chachilendo kupatula ovulala pangozi ya pamsewu, amene mmodzi wa iwo anabwera atanyamulidwa popanda womugwirira khosi, koma anapezeka kuti msana uli bwinobwino. Loweruka lomwelo ndinamva kuchokera kwa anzathu a ku chipatala chachikulu kuti mwana uja ali moyo ndipo wayamba kumwa, koma chilonda cha pantchafu ndi chakuya ndipo adzafunika kumuika khungu lochotsedwa pena. Ndalembera oyang'anira kalata yopempha makanyula a ana, singano ya m'fupa, kiyi wa mankhwala kuti azikhala ndi wa pa shifiti, komanso kuti maphunziro a m'mawa aja abwerere. Kalatayo yasainidwa ndi anamwino onse a chipinda chathu, ndipo yankho tikuyembekeza pa msonkhano wa ogwira ntchito wa sabata ino.