Momwe ndinameretsera Clivia pansi pa mitengo

Clivia wanga wachita maluwa tsopano ndipo mtima wanga wakhala pansi, ngakhale kuti mkwiyo umene ndili nawo pa wogulitsa mbewu wina sunathebe. Duwali, limene dzina lake lonse ndi Clivia miniata, kwawo ndi m'nkhalango za ku South Africa, makamaka ku KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape, kumene limamera m'masamba owolerana pansi pa mitengo ikuluikulu.

Wogulitsayo anandipatsa njere zouma ndi zokwinyika, n'kunditsimikizira kuti zimera ndikazikwirira mozama. Ndinathirira nyengo yonse osaona kanthu, ndipo nditabwerera kukadandaula, iye anangoti mwina dzanja langa ndi loipa. Mawu amenewa amandiwawa mpaka lero, chifukwa munthu amene amadya za maluwa sangalephere kudziwa kuti njere za Clivia zikauma sizichedwa kufa. Ndalama sindizidandaula kwambiri, koma nyengo imene inapita pachabe, poti duwali limatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti lichite maluwa kuchokera pa njere.

Funani njere zatsopano. Thyolani zipatso zikafiira, chotsani mnofu ndi kakhungu kam'kati, tsukani njerezo, kenako muzikanikize pamwamba pa manyowa osakaniza ndi mchenga moti theka la njere lizionekera. Musazikwirire ayi. Pakatha milungu 4 mpaka 6 muzu umatuluka, ndipo ukatukula njere m'mwamba muulozetse pansi mosamala.

Za malo ndikanayamba nazo: dzuwa la masana limawaula masamba, choncho sankhani mthunzi wa mitengo umene kuwala kumalowa pang'onopang'ono. Mizu yake ndi yonenepa ndiponso yosunga madzi, motero imawola msanga m'dothi lamakande. M'nyengo yozizira chepetsani kuthirira, chifukwa kupuma kumeneko ndiko kumathandiza kuti maluwa adzatuluke.

Chenjeraninso ndi mbozi yakuda yamawanga achikasu imene imaboola tsamba n'kutsikira kumtima kwa mbewu. Ine ndimayendera masamba kawirikawiri n'kuzitola ndi manja. Mukawokera musamasunthesunthe mbewuyo, ndipo ana ndi ziweto asadye chilichonse cha duwali popeza lili ndi poizoni. Koma pogula njere, zigwireni kaye m'manja, ndipo ngati zauma zisiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa alumbire chotani.